Khoma lopanda tchalitchi: nyumba ya Newstead, kumene Chuma ndi Susi anafika

Munthu akafika pa Newstead Abbey, m'chigawo cha Nottinghamshire ku England, maso ake amayamba kugwera pa khoma lalitali la tchalitchi, la miyala yosema, lokhala ndi khomo lalikulu pakati ndi chizenera pamwamba pake. Amayembekeza kuti akalowa pakhomopo apeza mabenchi ndi guwa la nsembe. Ayi ndithu. Kuseri kwake kuli kapinga ndi mitengo basi. Chizeneracho chilibe galasi, mbalame zimangodutsa momwemo. Tchalitchi chenichenicho chinagwetsedwa zaka zoposa 480 zapitazo, koma khoma lake lakumaso linasiyidwa chilili, logundana ndi nyumba yogonamo anthu imene ili kudzanja lamanja.

Nyumbayi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 19 kumpoto kwa mzinda wa Nottingham, m'dera limene kale linali nkhalango ya Sherwood. Alendo ambiri amapitako chifukwa cha Lord Byron, mlakatuli amene anakhalapo mwini wake. Mmalawi ali ndi chifukwa chinanso. M'nyumba imeneyi ndi momwe David Livingstone analembera buku lofotokoza za mtsinje wa Shire ndi nyanja yathu, ndipo pabwalo pake anafikapo James Chuma, Myao amene anaomboledwa kwa ogula akapolo kum'mwera kwa dziko lino. Tifikako. Tiyambe kaye ndi miyala, poti ndiyo imene lamulo la kumeneko limateteza.

Ku England kuli kaundula wa nyumba zakale zotetezedwa, ndipo amasungidwa ndi bungwe la Historic England. M'kaundulamo muli nyumba ndi zomangamanga zina zoposa 370,000, zogawidwa patatu. Zoposa 90 pa 100 zilizonse zili m'gulu la Grade II. Pamwamba pake pali Grade II*, ndipo pamwamba penipeni pali Grade I, gulu la nyumba ziwiri kapena zitatu zokha pa 100 zilizonse. Newstead ili m'gulu lapamwambali. Malinga ndi lamulo la 1990, mwini nyumba yotere sangagumule khoma, kusintha mazenera kapena kuchotsa masitepe akale, ngakhale a m'kati mwenimweni, asanalandire chilolezo. Kutero n'kupalamula mlandu, ndipo munthu atha kulipitsidwa chindapusa kapena kukaseweza kundende.

Choseketsa n'chakuti lamuloli likanakhalapo kuyambira kale, Newstead imene tikuidziwayi sikanakhalapo. Aliyense amene anakhalapo mwini wake anachita zomwezo zimene lero n'zoletsedwa: kugumula, kuboola, kusuntha, kuwonjezera. Nyumbayi ili ngati malaya amene zigamba zachuluka mpaka kuposa nsalu yoyamba, ndipo chimene boma likuteteza lero ndi zigambazo pamodzi ndi ulusi wake. Chigamba chilichonse chili ndi amene anachilipira, ndipo ena mwa olipirawo sanafunsidwe n'komwe.

Malowa anayambitsidwa ndi Mfumu Henry II cha m'ma 1170, kuti pazikhala ansembe a chipani cha Augustino Woyera. Khoma lotchukalo linamangidwa patapita zaka zoposa 100, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo ndi loyenera kuliyang'anitsitsa. Zipilala zochirikiza khoma zimaligawa m'zigawo zitatu. Chigawo chapakati chili ndi khomo lolowa m'kati mwa khoma pang'onopang'ono, timizati towonda titandanda mbali zonse ziwiri, ndipo pamwamba pake n'posongoka, monga zimakhalira ndi kamangidwe ka Gothic. Pamwamba pa khomolo ndi pamene pali chizenera chija, chimene timiyala take tokongoletsa tinagwa kale. Kumwamba kwenikweni, m'kaphanga kosemedwa pakhoma, muli chifanizo cha Maria atanyamula Mwana, ndipo chapulumuka mvula ndi chisanu cha zaka mazana asanu ndi awiri.

Tsono yang'anani chigawo chakudzanja lamanja. Chikuoneka ngati zenera, ndipo chili ndi mizere ndi tizingelezi ta miyala tofanana ndi tambali inayo, koma si zenera konse. Amisiri anangosema maonekedwe a zenera pakhoma logontha. Tchalitchi cha ku Newstead chinali ndi phiko limodzi lokha, lakumpoto, poti kum'mwera kunali kale nyumba zogona ansembe. Omangawo sanafune kuti kumaso kwa tchalitchi kuoneke kopendekera, ndiye anapitiriza khomalo kuti libise nyumba zija. Wobwera ankaona tchalitchi chachikulu cha mapiko awiri, pamene m'kati munali chocheperapo. Ine ndimati apa ndi pamene pali nzeru zenizeni za amisiriwo, ndipo ndi chenjezo kwa mlendo: pa Newstead chooneka ndi maso sichinena zonse.

Mu 1539 Mfumu Henry VIII, amene anali atakangana ndi Papa n'kuyamba kulanda nyumba za zipani za mpingo m'dziko lonselo, anatseka malowa. Chaka chotsatira anawagulitsa kwa Sir John Byron wa ku Colwick pamtengo wa mapaundi 810. Nkhani imene anthu akumeneko amakamba ndi yakuti ansembe, poona kuti zinthu zaipa, anaponya m'dziwe choikapo Baibulo cha mkuwa chooneka ngati chiwombankhanga. Chinavuulidwa m'zaka za m'ma 1700, ndipo lero chili m'tchalitchi chachikulu cha Southwell Minster.

Sir John sankafuna tchalitchi, ankafuna nyumba. Anagwetsa tchalitchicho n'kutengako miyala, koma nyumba za ansembe anazisunga, ndipo n'chifukwa chake mapulani a Newstead mpaka lero ndi a nyumba ya amonke. Pakati pali bwalo la mbali zinayi, lozunguliridwa ndi khonde lofolera, momwe ansembe ankayendamo powerenga ndi posinkhasinkha. Pakati pa bwalolo pali kasupe wa miyala wokhala ndi tizilombo tosemedwa. Zipinda zonse zikuluzikulu zinatsamira khonde limeneli. Chodyeramo ansembe chinasanduka chipinda cholandiriramo alendo, holo ya mkulu wa ansembe inasanduka holo yaikulu ya banja, ndipo kogona ansembe kunagawidwa kukhala zipinda zogona. Pamwamba pa khondelo a m'banja la Byron anamangapo makonde ena otsekedwa, kuti munthu azitha kuzungulira nyumba yonse ali pamwamba, osaponda panja pozizira. M'zipinda zina, pamwamba pa malo osonkhapo moto, pali matabwa a m'zaka za m'ma 1500 osemedwa mitu ya anthu yopakidwa utoto, yotuluka pakhoma ngati ikusuzumira amene walowa.

Chipinda chokongola koposa, kwa ine, ndi chaching'ono. Ndi mmene ansembe ankakumana m'mawa uliwonse kumva malamulo a chipani chawo ndi kukamba milandu ya pakati pawo, ndipo a Byron anachisandutsa kachisi wa banja. Denga lake ndi la miyala yokhayokha, lopanda phaso kapena mtanda wa thabwa, koma lakhazikika pa mizati iwiri yowonda imene ili pakati pa chipindacho. Munthu amadabwa kuti sizigwa bwanji. Chinsinsi chili m'nthiti za miyala zimene zimachoka pamutu pa mzati uliwonse n'kupindika kupita mbali zonse. Mwala uliwonse wa m'nthitimo unasemedwa wopyapyala pansi, wonenepa pamwamba, kotero kuti ukafuna kugwa umangofinya anzake. Kulemera kwa denga kumatsika ndi nthitizo mpaka pamizati ndi pamakoma, ndipo makomawo amachirikizidwa kunja kuti asakankhidwe. Utoto wowala ndi matailosi amene ali m'chipindachi tsopano si za ansembe ayi. Zinabwera m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, patapita zaka pafupifupi 600.

Banja la Byron linakhala pa Newstead zaka 278, ndipo amene anaifikitsa pa bwinja ndi William, Lord Byron wachisanu. Mu 1765 anapha mbale wake William Chaworth pomenyana ndi malupanga m'nyumba ina yomwera mowa ku London. Ndalama ankazidya ngati alibe mawa. M'mbali mwa nyanja yokumba imene ili pafupi ndi nyumbayi anamangamo timalinga tankhondo tongosewerera, n'kumachititsa nkhondo zachibwana za timabwato tokhala ndi mizinga. Ngongole zitamufika m'khosi anadula mitengo ya m'nkhalango n'kugulitsa, anagulitsanso zithunzi ndi mipando, denga n'kumadontha iye ali phee. Timalinga take tija, tomwe tinathandiza kusaukitsa banja lonse, nato lero ndi totetezedwa ndi lamulo.

William atamwalira mu 1798, chuma chonse chinagwera mnyamata wa zaka 10, George Gordon Byron, amene anadzakhala mlakatuli uja. Iye anakhala pa Newstead modukizadukiza pakati pa 1808 ndi 1814. Ndalama zokonzera nyumba yonse analibe, choncho anangokonza zipinda zochepa, kuphatikizapo chogona chake, momwe mukadali bedi limene anabwera nalo kuchokera ku Cambridge. Zipinda zikuluzikulu zinali zii. Holo yaikulu ankaphunziriramo kuwombera mfuti, chipinda cha alendo ankaseweramo nkhonya ndi malupanga, ndipo pakhomo ankaweta chimbalangondo.

Chinthu chachikulu chimene mlakatuliyu anamanga pa Newstead ndi manda a galu. Galuyo, dzina lake Boatswain, anafa ndi chiwewe mu 1808, ndipo mbuye wake anamumangira chipilala cha miyala chokhala pa masitepe ozungulira, pamalo amene ankakhulupirira kuti ndi pomwe panali guwa la nsembe la tchalitchi chija. Analemba m'wilo kuti iyenso adzaikidwe pomwepo. Sizinatheke. Anamwalira ku Missolonghi m'dziko la Greece mu 1824, nyumba atagulitsa kale, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha ku Hucknall, pafupi pomwepo. Manda a galuyo ndi aakulu kuposa mwala umene uli pamanda a mwini wake.

Apa ndiye pofunika kutchera khutu, chifukwa zambiri zimene mlendo amaona pa Newstead n'kumati ndi zamakedzana, zinamangidwa Byron atachoka. Mu 1818 nyumbayi inagulidwa ndi Thomas Wildman, msilikali amene anamenya nawo nkhondo ya Waterloo, yemwenso anaphunzira limodzi ndi Byron pa sukulu ya Harrow. Analipira mapaundi 94,500, n'kuwononganso pafupifupi mapaundi 100,000 pokonza. Katswiri wojambula mapulani John Shaw ndiye anatsogolera ntchitoyo. Anafolera denga, anakonzanso mazenera akumaso kwa nyumba, anakuta makoma a holo yaikulu ndi matabwa osema, ndipo khomo lolowera analitsitsira pansi, kuti mlendo aziyamba wadutsa m'chipinda chapansi cha denga la miyala asanakwere masitepe. Pangodya anamangapo nsanja yotchedwa Sussex Tower, dzina lolemekeza Duke of Sussex, mwana wa mfumu amene Wildman ankamutumikira. Nsanjayo anaimanga mwa kamangidwe kakale ka Norman, kotero kuti imaoneka yakale kuposa khoma la tchalitchi, chikhalirecho ndi yaing'ono kwa khomalo ndi zaka zoposa 500.

Kunena chilungamo, Wildman anagwira ntchito yabwino. Sanagwetse khoma la tchalitchi, sanafafanize bwalo la ansembe, ndipo anasunga zipinda za Byron monga zinalili. Popanda iye bwenzi pa Newstead pali mulu wa miyala. Koma ndalama zonsezo zinkachokera kuti? Banja la Wildman linali ndi munda wa nzimbe wotchedwa Quebec ku Jamaica, ndipo olima nzimbezo anali akapolo ochokera ku Africa ndi ana awo. Britain itathetsa ukapolo m'maiko ake ndi lamulo la 1833, chipukuta misozi chinapita kwa eni akapolo, kuphatikizapo Wildman, osati kwa akapolowo. Choncho matabwa okongola a m'holo muja, nsanja ija, ngakhale denga limene linapulumutsa kachisi wa mizati iwiri, zonsezi ndi thukuta la anthu amene sanaione nyumbayo ndi maso. Kaundula wa nyumba zotetezedwa amafotokoza miyala, mazenera ndi zaka. Za olima nzimbe, mlendo ayenera kuziwonjezera yekha poyang'ana.

Wildman anamwalira mu 1859, ndipo mu 1861 nyumbayi inagulidwa ndi William Frederick Webb, munthu wachuma amene ali mnyamata anakasakako nyama kum'mwera kwa Africa, komwe anadziwana ndi Livingstone. Banja la Webb ndi limene linakongoletsa kachisi uja, n'kudzaza makonde ndi zikopa ndi nyanga za nyama za kuno. Mwana wawo wamkazi Ethel anadzalambula dimba la kakonzedwe ka ku Japan kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900.

Livingstone anafika pa Newstead mu Seputembala 1864, zinthu zisanamuyendere bwino. Ulendo wake wa pa Zambezi unali utaimitsidwa ndi boma la Britain, mkazi wake Mary anali atamwalira ku Shupanga mu 1862, ndipo mishoni ya ku Magomero inali itabalalika, mtsogoleri wake Bishopu Mackenzie atamwalira chaka chomwecho. A Webb anamupatsa chipinda mu Sussex Tower. Anakhalamo mpaka Epulo 1865, akulemba buku lotchedwa Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, mwana wake Agnes akumuthandiza kukopera. M'bukumo ndi momwe anthu ambiri a ku Britain anawerengera koyamba za mathithi a Shire, nyanja ya Chilwa, nyanja ya Malawi imene anafikako mu Seputembala 1859, ndi za mizere ya Amang'anja omangidwa m'magoli akupita kunyanja yamchere. Tangoganizani: buku lodzudzula malonda a akapolo pa Shire linalembedwa m'nsanja yomangidwa ndi phindu la akapolo a ku Jamaica. Palibe amene anakonza dala kuti zikhale choncho, koma ndi momwe chuma cha nthawi imeneyo chinalukirana.

Pamene Livingstone ankalemba, Chuma anali pasukulu ku Bombay m'dziko la India. Anali ataomboledwa mu 1861 ali kamnyamata, n'kukhala ndi amishoni a ku Magomero, kenaka Livingstone anapita naye ku India. Ndi iye, pamodzi ndi Abdullah Susi wa ku Shupanga, amene anayenda ndi Livingstone ulendo wotsiriza wonse. Bwana wawo atamwalira m'mudzi wa Chitambo, m'dziko la Zambia la lero, mu Meyi 1873, iwo ndi anzawo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, anaumitsa thupi, n'kulinyamula miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo. Pamwambo woika maliro ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874 iwo kunalibe, poti sanatengedwe pa sitima imene inanyamula malirowo. Anafika ku Britain pambuyo pake, ulendo wawo utalipiridwa ndi James Young, mnzake wa Livingstone amene analemera ndi malonda a palafini.

Chaka chomwecho anafika pa Newstead. Pali chithunzi chojambulidwa pomwepo mu 1874, choonetsa Susi ndi Chuma ali limodzi ndi Agnes ndi Tom, ana a Livingstone, komanso mbusa Horace Waller, ndi mabuku ndi mapu a malemuwo. Sanapite kukangoonetsedwa. Waller ankakonza zolemba zotsiriza za Livingstone kuti zisindikizidwe, ndipo za masiku omaliza a moyo wake ndi za ulendo wa maliro zolembazo sizinafotokoze kanthu. Zambiri mwa izo zinali m'mitu ya amuna awiriwa. Gawo lomaliza la bukulo linachokera pakamwa pawo, ndipo mayina awo analembedwa patsamba la mutu wa bukulo. Chuma anadzatsogolera amtengatenga pa ulendo wa wofufuza malo Joseph Thomson mu 1879, ndipo anamwalira ku Zanzibar mu 1882.

Mu 1931 Sir Julien Cahn, munthu wamalonda wa ku Nottingham, anagula nyumbayi n'kuipereka kwa mzindawo, ndipo kuchokera pamenepo yakhala m'manja mwa khonsolo. Kulembedwa m'kaundula kumaletsa mwini nyumba kuiwononga, koma sikuletsa mvula, ndiponso sikubwera ndi ndalama. Khoma la tchalitchi ndilo limavutika koposa. Linamangidwa kuti mbali imodzi izikhala m'kati, pouma, koma denga litachoka limanyowa mbali zonse ziwiri. Madzi akalowa m'ming'alu n'kuundana ndi chisanu amatupa n'kuswa mwala. Pokonza makoma otere amisiri sagwiritsa ntchito simenti, poti ndi youma kuposa mwalawo ndipo imatsekera chinyezi m'kati, mpaka mwala umafumbutuka simenti ili gwa. Amagwiritsa ntchito matope a laimu monga ankachitira akale, ndipo ntchito yake ndi yapang'onopang'ono, yofuna amisiri ochepa amene amaidziwa, motero yodula. Mu 2012 bungwe la World Monuments Fund linaika Newstead pa mndandanda wa malo akale ofunika chisamaliro chamsanga. Mu Novembala 2023 khonsolo ya Nottingham inalengeza kuti ndalama zake sizikukwanira bajeti ya chakacho. Nyumba ya Grade I nayo imapikisana ndi misewu, ana amasiye ndi okalamba pa thumba limodzi lomwelo.

Amalawi amene muli ku Nottingham, Leicester, Derby ndi mizinda yoyandikana nayo, Newstead ili pakhomo panu, ndipo minda yake ya maekala pafupifupi 300 ndi malo abwino opitako ndi ana. Musanapite funsani masiku amene nyumbayo imatsegulidwa, chifukwa sikuti imatsegulidwa tsiku lililonse monga mindayo. Mukafika aonetseni anawo zenera logontha lija, muwalowetse m'kachisi wa mizati iwiri, kenaka muwalozere Sussex Tower. Woperekeza alendo akatha kukufotokozerani za Byron ndi galu wake, mufunseni za munda wa Quebec, mufunsenso za Chuma ndi Susi.